Kodi mipando ya ku Philippines ndi yosawonongadi chilengedwe?

Mayi wina amene amakhala ku Johannesburg wandilembera pa imelo kuti m'sitolo ina anaonamo mpando woluka wa rattan, kapeti ya abaca ndi nyale yokutidwa ndi zigoba za capiz, ndipo zonse zinali ndi chikalata chonena kuti zinapangidwa pamanja ku Philippines popanda kuwononga chilengedwe. Mitengo yake inali yokwera kwambiri. Iwo akufunsa ngati mawu a pachikalatawo ndi oona, komanso ngati n'kwanzeru kuwonongerapo ndalama zochuluka chotero.

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Zinthu zitatu zimene munaonazo sizili m'gulu limodzi, ngakhale wogulitsa anazipachika chikalata chofanana. Kuti chinthu chachokera kutchire kapena m'nyanja sizitanthauza kuti pochitenga sipanawonongeke kanthu, ndipo pa chilichonse muyenera kufunsa ngati chimamereranso msanga komanso amene anachidula.

Ndiyamba ndi abaca chifukwa ndi imene ndimaikhulupirira kwambiri. Ichi ndi chomera cha mtundu wa nthochi, ndipo mutachiona m'munda mungachisokoneze ndi nthochi zathu, kungoti zipatso zake sizidyedwa. Ulusi umachokera m'makoko a thunthu, amene alimi amawasenda n'kuwakoka pansi pa mpeni mpaka kutsale ulusi wokhawokha, kenako amauyanika padzuwa. Munda umayamba kukololedwa pakatha pafupifupi zaka ziwiri, ndipo thunthu likadulidwa, ana amaphuka pachitsa monga zimachitikira ndi nthochi, moti mlimi sabzalanso chaka chilichonse. Ulusiwu suola msanga m'madzi amchere, n'chifukwa chake kale zingwe za sitima zapamadzi zinkapotedwa ndi abaca, ndipo lero umapangiranso mapepala a timatumba ta tiyi ndi ndalama zamapepala. Dziko la Philippines limatulutsa gawo lalikulu la abaca wa padziko lonse lapansi, ndipo chilumba cha Catanduanes ndicho chimatsogola. Vuto la abaca lili kwa mlimi. Pa 1 Novembala 2020 namondwe wotchedwa Goni anagwetsa minda yambiri pachilumbachi, ndipo mbewuyi imagwidwanso ndi matenda ofanana ndi chisaka chimene chinasakaza nthochi ku Thyolo ndi ku Mulanje. Ntchito yosenda ulusi ndi yakalavulagaga, koma gawo lalikulu la mtengo umene munauona m'sitolomo silifika kwa wosendayo.

Nkhani ya rattan ndi yovutirapo. Rattan ndi chomera cha banja la kanjedza, koma m'malo moima chokha chimayanga m'mitengo ikuluikulu pogwiritsa ntchito minga yake. Chimasiyana ndi nsungwi chifukwa mkati mwake mulibe mphako, choncho mmisiri akachitenthetsa ndi nthunzi kapena moto amachipinda mmene akufunira ndipo chikazizira chimakhala chomwecho. Ubwino wake ndi wakuti sichingamere popanda nkhalango, motero anthu amene amapeza ndalama podula rattan, monga mafuko a pachilumba cha Palawan, ali ndi chifukwa chotetezera mitengo. Koma rattan wambiri amadulidwa m'nkhalango zachilengedwe, osati m'minda yobzalidwa, ndipo amatenga zaka zambiri kuti akhwime. Cha m'chaka cha 1900 nkhalango zinkaphimba pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse a nthaka ya Philippines, koma pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1900 zinali zitatsika kufika pochepera kota. Pamene mafakitale a mumzinda wa Cebu ku Philippines anatchuka potumiza mipando kunja m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, rattan wakomweko anayamba kusowa ndipo amisiri anayamba kudalira wochokera kumaiko oyandikana nawo, makamaka Indonesia, dziko limene nalonso lakhala likuletsa kutumiza kunja rattan wosakonzedwa. Chotero mawu akuti mpando unapangidwa ku Philippines amakuuzani kumene unalukidwa, koma sakuuzani kumene rattan wake anadulidwa. Wogulitsa wokhulupirika ayenera kudziwa dzina la fakitale ndi gwero la rattan wake.

Yang'anitsitsaninso ngati ndi rattan weniweni, chifukwa mipando yambiri, makamaka yoika pakhonde, imalukidwa ndi pulasitiki yofanizira. Tembenuzani mpandowo n'kuona pamene nsonga zinadulidwa. Rattan weniweni amaoneka ndi timabowo ting'onoting'ono ngati mkati mwa nzimbe, ndipo mtundu wake sufanana ndendende mpando wonse.

Pa za mtengo wokwera, sindikufuna kuchepetsa luso la amisiri a dzikolo, chifukwa ndi lalikulu zedi. Kenneth Cobonpue wa ku Cebu, amene anakulira m'fakitale ya mipando imene mayi ake, Betty Cobonpue, anaiyambitsa mu 1972, anaonetsa kuti rattan, abaca ndi nsungwi zikhoza kulukidwa pachitsulo n'kutulutsa katundu wopikisana ndi wa ku Milan, mzinda wa ku Italy wotchuka ndi mipando yapamwamba. Mpando wake wotchedwa Yoda uli ndi ndodo za rattan zimene zimaimirira kumsana ngati udzu wautali, ndipo munthu akatsamira zimapindika pang'ono n'kumulandira. Koma chimene ine ndimachilemekeza koposa ndi kaluke kakale kotchedwa solihiya, komwe timizere ta khungu la rattan timapingasa n'kusiya timabowo todutsa mphepo. Kalukeka kakang'ambika, mmisiri amakachotsa n'kuluka kena pamafelemu omwewo, ndipo mpando umodzi umatha kutumikira agogo mpaka zidzukulu. Mpando wokonzeka chotero umateteza nkhalango kuposa wotchipa umene mudzautaya pakatha zaka zitatu.

Simunatchule matabwa, koma funsani kuti miyendo ya mpandowo ndi ya mtengo wanji. Akakuuzani kuti ndi narra, dziwani kuti umenewu ndi mtengo wa fuko la Philippines, mbale wake weniweni wa mlombwa wathu, ndipo unadulidwa mopitirira muyeso monga mmene mlombwa wachitira kwathu. Mu 2011 pulezidenti Benigno Aquino III analamula kuti kudula mitengo m'nkhalango zachilengedwe kuimitsidwe, choncho narra wovomerezeka ayenera kukhala wobzalidwa kapena wochotsedwa m'nyumba zakale. Nsungwi zilibe nkhawa imeneyi chifukwa zimakhwima m'zaka zosapitirira zisanu, ndipo lamulo la boma la 2010 linati magawo 25 pa 100 alionse a madesiki a m'sukulu za boma azipangidwa ndi nsungwi.

Capiz ndi chigoba chopyapyala cha nkhono ya m'nyanja chimene chimalowetsa kuwala, ndipo m'nyumba zakale za mumzinda wa Vigan ku Philippines mudakali mawindo ake m'malo mwa galasi. Nkhonozi zinachepa m'madera angapo chifukwa chokokololedwa mosasamala, ndipo n'kovuta kutsimikizira gwero la zigoba za m'nyale imodzi.

Ndikanakhala inu, Mayi, ndikanagula kapeti ya abaca n'kuiyala pamalo osanyowa, chifukwa ngakhale ulusi wake ndi wolimba, chinyezi chokhalitsa chimaichititsa nkhungu. Nyale ya capiz ndikanaifunafuna kwa ogulitsa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito. Mpandowo ndikanaugula pokhapokha wogulitsa atayankha za gwero la rattan wake ndiponso nditapeza mmisiri wodziwa kuluka pafupi ndi kwanu. Mukaugula, kumbukirani kuti unabadwira kudziko lachinyezi pamene Johannesburg ndi youma kwambiri m'miyezi ya Juni ndi Julayi, choncho muuike kutali ndi dzuwa ndi hita, muziupukuta ndi nsalu yonyowa pang'ono kuti usang'aluke, ndipo mukaona ufa wosalala pansi pake mudziwe kuti mwalowa tizilombo tofumbwitsa ndipo muuthire mankhwala tsiku lomwelo.