Gitala yotchipa si ya ana, achimwene

Achimwene ena a ku Mchinji andilembera pa imelo. Amaimba m'kwaya ya kutchalitchi, agulitsa mtedza n'kusunga kandalama, ndiye akufunsa kuti pakati pa magitala a Yamaha otchedwa F310, C40 ndi FG800 agule iti. Kumapeto awonjezera kuti mnzawo wawauza kuti gitala yotchipa ndi ya ana. Mawu amenewa andiwawa kwambiri.

Ine ndinakulira ku Kasungu, ndipo gitala yoyamba kuigwira inali ya chigubu cha mafuta, nsambo zake mawaya a mabuleki a njinga. Anaikhoma ndi amalume. Akaweruka kuchigafa, manja akadali bii ndi fodya, ankakhala pakhonde n'kumaimba ndi zala ziwiri basi: chachikulu chikuyenda pa nsambo zonenepa, chamkombaphala chikutola nyimbo mmunsi. Amayi opita kumjigo ankaima ndi ndowa kumutu, ndipo panalibe wofunsa dzina la gitalayo. Anyamata a Madalitso Band afika mpaka ku Ulaya ndi gitala ya nsambo zinayi ndi babatoni wopanga okha. Ndiye wina azinena za ana?

Chimene anthu otamanda mtengo sakuuzani ndi nyengo yathu. FG800 thabwa lake lapamwamba ndi lathunthu, la mtengo wa spruce, nchifukwa chake mawu ake ndi onona ndipo amachedwa kuzilala. Zimenezo sindikana. F310 ndi ya timatabwa topyapyala tomatidwa pamodzi, mawu ake ndi owumirapo pang'ono, koma imapirira. Mnzanga wina anagula gitala yodula ya thabwa lathunthu n'kuikoloweka pamsomali m'chipinda cha malata chopanda siling'i. Pofika Okutobala thabwa linauma, linakhwinyata, mng'alu unayamba pomwe pamamangidwa nsambo mpaka kumunsi. Anaiyang'ana osalankhula. Mvula ikagwa vuto limatembenuka: thabwa limafufuma, nsambo n'kukwera, zala n'kumalira. Kwa munthu woyenda ndi gitala pakabaza kupita ku maliro ndi ku zinkhoswe, ndikunenetsa kuti kulimba kumaposa kukoma kwa mawu.

Zamimba yaikulu ziwirizi, F310 ndi FG800, zimatsata kapangidwe kotchedwa dreadnought, kamene kampani ya Martin ya ku America inayamba mu 1916. Mimbayo ndi imene imapatsa mphamvu, moti mukamakwapula nsambo zonse pamodzi imamveka ngakhale anthu a besi atatsegula kukhosi. C40 ndi mtundu wina. Nsambo zake ndi za nayiloni, khosi lake ndi lotambalala, siicheka zala ndipo imakoma poimba motola nsambo imodziimodzi, koma pakati pa kwaya imamira. Chonde musadzaikemo nsambo zachitsulo ati kuti ifuule, zimakoka mwamphamvu mpaka kukhotetsa khosi kapena kuzula thabwa lomangapo nsambo. Ndaziona zambiri zitafa motero, ndipo zimandimvetsa chisoni.

Nanga mugule iti?

F310, achimwene. Ndalama yotsalayo mugulire chikwama chake ndi nsambo zapadera. Kaya mukagula ku Lilongwe kaya mudutsa pa Mwami kupita ku Chipata, musalipire musanaigwire, chifukwa zachinyengo zomatidwa mayina otchuka zilipo. Yang'anani khosi kuchokera kumutu ngati lili lowongoka. Pa fret ya 12, kutanthauza kachitsulo kopingasa pakhosi ka nambala 12 mukawerenga kuchokera kumutu, mpata wa pakati pa nsambo yonenepa ndi kachitsuloko usapitirire mamilimita 3. Dinani nsambo iliyonse kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, mumve ngati pena ikuchita phokoso la tsetsetse. Ngati muli ndi malo ozizira oisungira ndipo thumba likulola, FG800 mukhoza kutenga, koma izikhala m'chikwama, kutali ndi malata.