Yankho kwa achimwene a ku Senga Bay: za SSH ndi ogogoda pa seva

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati mwabwereka VPS (seva ya lendi ya pa intaneti) ya Ubuntu yoyendetserapo webusaiti yosungitsira zipinda pa loji ina ku Senga Bay, ndiye mutatsegula ma log, momwe seva imalemba zonse zochitika, mwapeza mizere yambirimbiri ya "Failed password for root" yochokera ku ma IP (ma adiresi a pa intaneti) osawadziwa. Mukufuna kudziwa ngati akulowererani kale, komanso ngati kusintha port 22, khomo la SSH (njira yolowera pa seva muli kutali), kungathetse vutoli monga ena akulangizirani pamwambapa.

Mtima m'malo kaye. "Failed" ndiye kuti ayesa koma zakanika. Si munthu wokusungirani chakukhosi ameneyo, ndi mapulogalamu oyendayenda pa intaneti usana ndi usiku, amagogoda pa port 22 ya IP iliyonse n'kumayesa root, akaunti yolamulira zonse pa seva, ndi mapasiwedi a ulesi monga 123456 ndi admin. Seva iliyonse yatsopano sachedwa kuipeza. Mzere woti ukudetseni nkhawa ndi wa "Accepted". Lembani izi:

sudo journalctl -u ssh | grep Accepted

Poti inu mumalowa ndi bandulo ya pafoni ndipo IP yanu imasinthasintha, yang'anani kwambiri nthawi. Mukaona wina walowa 3 koloko ya usiku inu muli mtulo, seva imeneyo musavutike n'kuisintha pasiwedi. Koperani zofunika, muifufute, muyambirenso. Ngati zonse ndi zanu, tiyeni titseke.

SSH anailemba ndi Tatu Ylönen wa ku Finland mu 1995, anthu ena atabera mapasiwedi pa netiweki ya yunivesite yawo. Nthawi imeneyo anthu ankalowa ndi telnet, yomwe inkatumiza pasiwedi poyera. Yomwe ili pa seva yanuyo ndi OpenSSH, yochokera kwa anthu a OpenBSD kuyambira 1999. Ndatchula izi kuti muone kuti za kubisa uthenga panjira zinakonzedwa kale, zimenezo si ntchito yanu. Chomwe chatsala chofooka ndi pasiwedi, chifukwa pasiwedi munthu akhoza kuilota. Ndiye ichotseni, muzilowa ndi kiyi.

Pa laputopu yanu, osati pa seva, tsegulani terminal. Ngati muli pa Windows 10 kapena 11, PowerShell ili nayo kale ssh, PuTTY siifunikanso.

ssh-keygen -t ed25519

Ikufunsani passphrase, mawu achinsinsi otetezera kiyiyo. Anthu ambiri amangodina Enter kuti zithe msanga, inu musatero, ikani mawu anayi kapena asanu osagwirizana omwe simungawaiwale. Mutuluka mafayilo awiri mu foda ya .ssh. Ya id_ed25519.pub ili ngati loko: mukhoza kuikoloweka pa seva iliyonse, ngakhale anthu ataiona palibe kanthu. Ya id_ed25519 yopanda .pub ndiye kiyi weniweni, sachoka pa laputopu yanu. Osaitumiza pa WhatsApp, osaiika pa imelo, ngakhale kwa bwana mwini loji.

Kenako lowani pa seva monga mwa masiku onse, mupange akaunti yanu yoti musamagwirenso ntchito ngati root. Ndalemba dzinalanu, inu muikepo lomwe mukufuna, bola lisakhale admin, user kapena test, chifukwa maloboti aja amayambira amenewo.

adduser dzinalanu
usermod -aG sudo dzinalanu

Kuchokera pa laputopu ya Linux kapena Mac, ssh-copy-id dzinalanu@IP-ya-seva imakuikirani yokha. Pa Windows lamulo limeneli kulibe, ndiye tsegulani fayilo ya .pub ndi Notepad, koperani mzere wonsewo, mukaumate mu /home/dzinalanu/.ssh/authorized_keys. Foda ya .ssh ikhale chmod 700, fayiloyo 600, ndipo mwini wake akhale dzinalanu. Apa ndi pamene ambiri amakodwa: amapanga fodayo ali root, n'kuiwala chown yosinthira mwini wake, kenako sshd, pulogalamu ya SSH ya pa seva, n'kumakana kiyi mwakachetechete, iwo n'kumati kiyi ndi wolakwika. Yesani kulowa. Ikakufunsani passphrase ya kiyi m'malo mwa pasiwedi ya seva, zatheka. Yesaninso sudo whoami, iyankhe root.

Musanakhudze china chilichonse, pitani pa webusaiti ya kampani yomwe mwabwerekako VPS, mupeze batani la console, mulowere kumeneko ndi dzinalanu ndi pasiwedi yake. Console siidutsa pa SSH, ndiye mukadzitsekera kunja ndiyo idzakupulumutseni. Ena amati kungosiya windo lakale lotsegula n'kokwanira. N'zoona kuti kuyambitsanso sshd sikudula amene ali kale mkati, koma netiweki yathu ya kunyanja kuno mukuidziwa, magetsi akazima kapena siginolo ikatsika windo lija limafa nthawi yomwe mukulifunitsitsa.

Tsopano kutseka kwenikweni. Malangizo ambiri a pa intaneti amati sinthani /etc/ssh/sshd_config basi. Pa Ubuntu ya masiku ano pali msampha. Pamwamba pa fayiloyo pali mzere wa Include womwe umayamba wawerenga zonse za mu /etc/ssh/sshd_config.d/, ndipo sshd imagwira mawu oyamba omwe yakumana nawo, a pambuyo siiwalabadira. Ma VPS ambiri amabwera ndi kafayilo ka 50-cloud-init.conf momwe mwalembedwa PasswordAuthentication yes. Inu mulemba no m'munsi, mugona mtima uli zii, pomwe pasiwedi ikugwirabe ntchito. Njira yake n'kupanga fayilo yanu yomwe dzina lake likuyamba ndi 00 kuti iwerengedwe patsogolo pa zonse:

sudo nano /etc/ssh/sshd_config.d/00-chitetezo.conf

Mulembemo mizere inayi iyi:

PermitRootLogin no
PasswordAuthentication no
KbdInteractiveAuthentication no
AllowUsers dzinalanu

Kenako sudo sshd -t. Ikakhala chete ndiye kuti simunalakwitse kalembedwe. Pamenepo sudo systemctl restart ssh, tsegulani windo lina, lowani ndi kiyi. Ndipo musakhulupirire zomwe mwalemba, funsani sshd mwini wake:

sudo sshd -T | grep -i -E "passwordauth|permitroot"

Zonse ziwiri zinene no. Kuyambira apa maloboti aja agogode mpaka atope, palibenso pasiwedi yoti ailote.

Za port 22 zija, maganizo anga ndi akuti kusintha port kumachepetsa phokoso mu ma log, sikutseka chitseko. Munthu wa nmap, pulogalamu yofufuzira ma port otsegula, port yatsopanoyo aipeza mosavuta. Amene wasintha port koma wasiya root ndi pasiwedi yofooka ali pangozi kuposa inu amene muli pa 22 ndi kiyi. Mukafunabe kusintha, dziwani kuti kuyambira Ubuntu 22.10 port imagwiridwa ndi ssh.socket ya systemd, ndiye kungolemba Port 2222 n'kuyambitsanso ssh sikukwanira, anthu amasokonezeka nazo. Ine sindivutika nazo.

Firewall ndi yachidule, koma osatembenuza ndondomeko: sudo ufw allow OpenSSH poyamba, kenako 80 ndi 443 za webusaiti, ufw enable pomaliza. Wina wanena kuti mulole IP yanu yokha. Ndi nzeru yabwino kwa amene ali ndi IP yokhazikika ku ofesi, koma pa data ya Airtel kapena TNM mawa IP idzakhala ina, mudzapezeka mwadzitsekera nokha. Fail2ban, pulogalamu yotsekera ma IP olakwitsa pasiwedi, ikani ngati mukufuna. Mosasintha kanthu imatsekera IP kwa mphindi 10 ikalakwitsa kasanu m'mphindi 10. Mukachotsa pasiwedi ntchito yake yambiri imakhala yochepetsa phokoso basi.

Chomwe sindingakulekerereni ndi ma update. Mu Julayi 2024 a Qualys analengeza za bowo mu OpenSSH lomwe analitcha regreSSHion, lomwe pa ma seva ena a Linux likanalola munthu kulowa ngati root opanda pasiwedi kapena kiyi. Zoterezi kiyi wanu sangaziletse, amaziletsa ndi apt, yomwe imaika ma update. Onetsetsani kuti unattended-upgrades, yomwe imaika yokha ma update a chitetezo, ikugwira ntchito. Ndipo mukamapanga apt upgrade pamanja, yambani mwalemba tmux. Netiweki ikaduka pakati ntchito imapitirira pa seva, mukabwerera mungolemba tmux attach n'kupeza zonse momwe munazisiyira. Kuduka pakati pa upgrade opanda tmux kumatha kusiya mapakeji ali theka, loji n'kukhala yopanda webusaiti pa wikendi yomwe alendo a ku Lilongwe akusakasaka zipinda. Pa laputopu, mu fayilo ya .ssh/config, mzere wa ServerAliveInterval 30 umathandiza kuti kulumikizana kusamafe mukangokhala chete pang'ono.

Mukatseka chonchi, chiopsezo chimasamuka pa seva n'kubwera pa laputopu yanuyo. Ngati ndi yomweyo imene a pa risepushoni amaoneraponso mafilimu, kapena tsiku lina idzapita kokonzetsa pa Kamuzu Road n'kugonako, aliyense woigwira akhoza kukopera fayilo ija pa fulashi. Passphrase ndiyo imakupatsani mpata. Laputopu ikabwerako kapena ikabedwa, pangani kiyi watsopano, mufufute mzere wakale mu authorized_keys tsiku lomwelo. Kuti zimenezi zitheke pamafunika kiyi wachiwiri, mwina pafoni kudzera pa Termux (terminal ya pa Android), kapena pa kompyuta ina ya kunyumba, aliyense ndi mzere wake. Chimodzimodzi mnzanu wina akamathandiza: apange kiyi wake, akutumizireni .pub yokha, akhale ndi akaunti yake n'kuwonjezedwa pa AllowUsers. Akasiya ntchito mumangochotsa mzere umodzi, popanda kukangana za amene akudziwa pasiwedi. Pa seva imeneyo pali mayina a alendo, manambala a foni, mwinanso a mapasipoti, ndipo dziko lino lili ndi Data Protection Act ya 2024, ndiye zikatayika mafunso adzafika kwa bwana wanu, iwo adzabwera kwa inu.

Kena kamodzi: tsiku lina ssh ikadzakana n'kulemba "REMOTE HOST IDENTIFICATION HAS CHANGED", musathamangire kufufuta known_hosts, fayilo yomwe laputopu imasungamo zizindikiro za ma seva. Ngati mwaikanso Ubuntu mwatsopano, n'zomveka. Ngati simunasinthe kalikonse, lowani pa console, lembani ssh-keygen -lf /etc/ssh/ssh_host_ed25519_key.pub, mufananitse ndi zomwe laputopu ikuonetsa musanapitirire.

Mukakodwa penapake, ikani muno zomwe zatuluka pa sshd -T ija ndi za ssh -v dzinalanu@IP-ya-seva, IP muibise. Fayilo ya kiyi weniweni, yomwe imayamba ndi mawu oti BEGIN OPENSSH PRIVATE KEY, musaiike muno, ndipo wina akaipempha ku inbox kuti akuthandizeni, mukaneni.