Kodi phulusa limaphadi mbozi za m'chimanga?

Amayi ena a ku Chawama, amene amalima cha ku Chongwe, anditumizira imelo. Akuti anathira phulusa mumtima mwa chimanga chogwidwa ndi mbozi yotchedwa fall armyworm, patapita sabata mbozi zinasowa. Akufunsa ngati umenewu ndi umboni wokwanira kuti auze anzawo.

Amayi, zimene munaona ndi zoona, koma umboni sunakwane. Mbozi imeneyi, imene inafika m'Zambia kumapeto kwa 2016, ikakula imatsika yokha n'kukabisala m'nthaka kuti isanduke gulugufe. Mvula yamphamvu imapha zing'onozing'ono, ndiponso zikapanikizana zimadyana. Choncho zikanatha kusowa ngakhale musanathire kanthu. Ntchito ya sayansi ndi kusiyanitsa chimene phulusa lachita ndi chimene chikanachitika chokha.

Kuti musiyanitse, yesani motere. Patulani timagawo 8 m'mundamo, kalikonse mizere inayi, kutalika mamita 5, mbewu ya mtundu umodzi, yobzalidwa tsiku limodzi. Timagawo tinayi tilandire phulusa, tinayi tisiyidwe. Kusiya chimanga chikudyedwa kumawawa, koma popanda timagawo tosathiridwato mulibe choyerekezera.

Musasankhe ndi maso kothira phulusa. Lembani manambala patimapepala, mwana atole. Mukasankha nokha, dzanja limathamangira kumene chimanga chadyedwa kwambiri, kapena pafupi ndi chulu pamene nthaka ndi yachonde, ndipo zotsatira zimapotoka.

Musanathire, werengani mbozi zamoyo pa mapesi 10 a m'mizere iwiri yapakati ya kagawo kalikonse, m'mawa kusanatenthe. Musawerenge masamba obooka, chifukwa mabowo akale satsekeka ngakhale mbozi itafa. Muyeso wa phulusa ukhale umodzi, chivindikiro cha botolo chimodzi paphesi lililonse. Musaphatikizepo mchenga, sopo kapena mankhwala. Mukatero simudzadziwa chagwira ntchito n'chiti. Werenganinso pakatha masiku atatu, kenako 7, ndipo mulembe m'kope pamodzi ndi masiku amene mvula yagwa. Onaninso ngati phulusalo lawaula masamba anthete.

Mbozi zikachepa mofanana mbali zonse, phulusa silinathandize. Zikachepa kwambiri m'timagawo tonse tinayi tothiridwa, pamenepo pali nkhani. Kagawo kamodzi kokha kakasiyana, mwina zangochitika mwamwayi. Pokolola, pimani chimanga chouma cha kagawo kalikonse pachokha, pakuti chofunika ndi makilogalamu. Bwerezani chaka chamawa, ndipo kopelo mukaonetse alangizi kapena akatswiri a ZARI, bungwe lofufuza za ulimi m'Zambia, ku Mount Makulu, ku Chilanga, kuti ena ayese m'minda yawo.