Tifunseni: Memori yabwino yoika mu kamera ndi iti?

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani ya ma memori khadi a mu kamera, ndiye tasankhapo atatu omwe akuimira anzawo onse.

FUNSO: Ankolo, ndine mnyamata wa ku Ndirande, ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe ndi Nikon D3500 yomwe achimwene anga ananditumizira kuchoka ku Joni. Mwezi wathawu ndinagula memori ya 128GB kwa munthu wina woyenda nazo mumsewu, inalembedwa SanDisk komanso 170MB/s, ndipo mtengo wake unali wofewa kuposa ya 32GB ya mushopu. Pa ukwati kamera imangoimaima, kagetsi kobiriwira kakumbuyo kaja kumangoyaka osazima, moti nthawi ya perekaniperekani ndaphonya zithunzi zambiri. Choipitsitsa, nditaika pa laputopu zithunzi za ku tchalitchi zilipo bwinobwino koma za ku holo zikukana kutseguka. Eni ukwati akungondiimbira foni. Vuto ndi kamera kapena memori? Nanga ndigule iti?

YANKHO: Pepani kwambiri achimwene, nkhani yanuyi yandikhudza chifukwa ukwati sabwereza ndipo dzina la wojambula limaonongeka tsiku limodzi. Kamera yanu ilibe mlandu. Malinga ndi mmene mwafotokozeramu, memori imeneyo ndi feki.

Zimene amachita opanga ma feki ndi izi: amatenga kamemori kakang'ono, tinene ka 8GB kapena 16GB, nkukasintha mkati kuti kazinamiza kamera ndi kompyuta kuti ndi ka 128GB, kenako amamata pepala la kampani yodziwika pamwamba. Mukayamba kujambula zonse zimaoneka bho chifukwa malo enieni aja akadalipo, ndi chifukwa chake za ku tchalitchi zapulumuka, koma malo aja akangodzaza kamera imapitiriza kutumiza zithunzi poganiza kuti malo alipo ambiri pomwe zikungotayika kapena kulembedwa pamwamba pa zinzake. Mayina a mafayilo mumawaona ndithu koma mkati mulibe kanthu. Ndikuuzeni zoona osakubisirani, zambiri za ku holo zija mwina sizibwerera chifukwa sizinasungidwe nkomwe. Yesanibe pulogalamu yaulere yobwezeretsa mafayilo otayika yotchedwa PhotoRec, koma musajambulirenso chilichonse mu memori imeneyo ndipo musaifomate. Eni ukwati musawazembe, apezeni muwafotokozere maso ndi maso, mukambirane zobwezako ndalama ina, komanso funsani amene anajambula vidiyo ndi achibale omwe anajambula pa foni kuti mutolere zimene zilipo.

Tsopano za 170MB/s zija. Nambala yaikulu imene imalembedwa kutsogolo kwa memori, ngakhale pa orijino yeniyeni, nthawi zambiri ndi sipidi yowerengera, kutanthauza liwiro lokopera zithunzi kuchoka mu memori kupita pa kompyuta. Inuyo muli pa ukwati chimene chikukukhudzani ndi sipidi yolembera, mmene memori ikulandirira zithunzi kuchoka ku kamera, ndipo imeneyi imakhala yotsikirapo, mwinanso salemba nkomwe kutsogoloko. Anthu ambiri amagwa pamenepa.

Kuimaima kwa kamera kuja kumachokera apa. Mkati mwa kamera muli kamalo kosungira zithunzi mongoyembekezera, amati buffer. Zili ngati kuchigayo, mumathira chimanga pamwamba koma ngati ufa ukutuluka pang'onopang'ono pansi, pamwamba paja padzaza ndipo muima kaye ndi thumba lanu kudikira. D3500 imatha kujambula zithunzi 5 pa sekondi, ndipo chithunzi chimodzi cha RAW (fayilo yosunga zonse zimene kamera yajambula, isanakonzedwe kukhala JPEG) cha 24 megapixel chimakhala cha ma MB opitirira 20, ndiye taganizani mukapanikiza batani osasiya pomwe akwati akuvina, ngati memori ikulandira mozengereza buffer idzaza ndipo kamera ikukanizani kujambula mpaka itapungula. Kagetsi kobiriwira kaja kamatanthauza kuti ikulembabe. Kakamayaka musatulutse memori, musachotse batire, mukatero mumaononga mafayilo ngakhale memori ikhale yabwino chotani.

Ndiye poyang'ana memori siyani kaye nambala yaikuluyo, yang'anani timazizindikiro ting'onoting'ono. Ka C kokhala ndi 10 mkati kakutanthauza kuti sipidi yolembera sitsika pansi pa 10MB pa sekondi, ndipo U yokhala ndi 1 mkati ndi chimodzimodzi. U yokhala ndi 3 ndi 30MB pa sekondi. Ndiye pali za V zomwe zinabwera mu 2016 makamaka chifukwa cha vidiyo, V30, V60 ndi V90, apa nambalayo ndiye sipidi yotsikitsitsa imene akukulonjezani. Zizindikiro zimenezi zimachokera ku bungwe la SD Association lomwe makampani a SanDisk, Panasonic ndi Toshiba anayambitsa mu 2000, ndipo ndi zimene mungadalire pofananiza ma memori a makampani osiyana. Za A1 ndi A2 musavutike nazo, zimenezo ndi za ma app a mu foni, kamera sizikuikhudza.

Kwa kamera yanuyo ine ndinganene kuti gulani ya U3 V30 basi, monga SanDisk Extreme kapena Extreme Pro, kapena ya mulingo womwewo ya Lexar kaya Kingston. Musataye ndalama pa V60 kapena V90. Amenewo ndi a mtundu wa UHS-II, mukawatembenuza muona mizere iwiri ya timano tagolide, ndipo amathamangadi mpaka cha mma 300MB pa sekondi, koma D3500 ndi ya UHS-I, imagwira mzere umodzi wokha womwe malire ake ndi 104MB pa sekondi. Memori yodulayo igwira ntchito inde, koma pa liwiro la yotchipa ija, ndalama yapamwambayo mwangotaya.

Pa kukula kwake, maganizo anga ndi akuti ma memori awiri a 64GB kapena atatu a 32GB aposa imodzi ya 128GB. Ya 64GB imalowa zithunzi za RAW pafupifupi 2,000, zokwanira ukwati wonse, koma poti kamera yanu ili ndi polowetsa memori pamodzi pokha, ndi bwino ku tchalitchi mujambulire ina, ku holo ina, kuti imodzi ikavuta musaluze tsiku lonse. Tsogolo lino mukadzapeza kangachepe ganizirani kamera ya malo awiri ngati Nikon D7200 kapena D750, mumaisetera kuti chithunzi chilichonse chizilowa mu ma memori onse awiri nthawi imodzi. Kwa munthu wodya za maukwati chimenechi ndi chinthu chachikulu kuposa ma megapixel.

Pomaliza pa funso lanu, feki muidziwa bwanji? Mtengo ndiye mboni yoyamba, 128GB singatchipe kuposa 32GB. Paketi musaikhulupirire kwambiri, masiku ano amakopera mpaka osasiyanitsa. Gulani mushopu yokhazikika yopereka lisiti yoti mutha kubwererako mawa, ndipo ngati mukutuma abale a ku Joni kapena ku UK auzeni agule mu shopu yeniyeni osati kwa ogulitsa osadziwika a pa intaneti, chifukwa ma feki aliko konseko. Mukafika nayo kunyumba, musanajambulire ntchito ya munthu, iyeseni ndi pulogalamu yaulere ya H2testw pa Windows, kapena F3 kwa a Mac ndi Linux. Imadzaza memori yonse ndi data nkuiwerenganso, imatenga nthawi ndithu ndiye muyambe magetsi alipo kapena laputopu ili yodzaza, koma pamapeto ikuuzani malo enieni ndi sipidi yeniyeni. Musadabwe ya 64GB ikamaonetsa cha mma 59GB pa kompyuta, kumeneko ndi kusiyana kwa kawerengedwe chabe, si ufeki.

FUNSO: Zikomo Ankolo. Ndine mayi wa ku Mzuzu, ndimajambula ma vidiyo a kwaya ya ku mpingo kwathu ndi Sony a6400. Ndikafuna kusankha 4K ya 100M kamera ikukana, ikuti memori siyoyenera, chonsecho ndi ya Class 10 yomwe ndinagula mushopu yabwino ndipo zithunzi imajambula popanda vuto. Kodi 100M imeneyi ikufuna memori ya 100MB/s?

YANKHO: Mayi, memori yanu siyoonongeka ndipo mwina si feki, yangochepa mphamvu pa ntchito imeneyo. Sony anakonza kuti pa 100M kamera izilola memori ya U3 yokha, ikaona U1 kapena Class 10 wamba imakana dala kuti vidiyo isadzadukire pakati pa nyimbo. Koma musathamangire kukafuna ya 100MB/s yolembera, apa pali kusokoneza kwa zilembo. 100M ya mu kamera ndi ma megabit, pomwe za pa memori ndi ma megabyte, ndipo mu byte imodzi muli ma bit 8, ndiye 100 kugawa ndi 8 ndi 12.5MB pa sekondi basi. Ya U3 V30 ikwanira ndi kutsala.

Chimene muganizire kwambiri ndi malo. Pa 12.5MB sekondi iliyonse, ola limodzi likudya pafupifupi 45GB, ndiye ya 64GB ikupatsani ola ndi mphindi pang'ono, ya 128GB cha mma maola awiri ndi theka. Kwaya poti imabwereza nyimbo kangapo kuti zikhale bwino, kwa inu 128GB ndiyomveka. Sankhani yolembedwa SDXC, amenewa ndi oposa 32GB ndipo anayamba mu 2009. A SDHC, omwe malire awo ndi 32GB, amagwiritsa ntchito njira yosungira mafayilo ya FAT32 yomwe silola fayilo imodzi kupyola 4GB, ndiye vidiyo yaitali imaduladulidwa mzidutswa zoti mukalumikizenso pokonza. Ndiponso ngati ma vidiyo anu amathera pa WhatsApp ndi Facebook, 1080p ndiyokwanira bwino ndipo siidya malo choncho, 4K muziisungira nyimbo zimene mukufuna zikaoneke pa TV kapena pa YouTube.

FUNSO: Ankolo ine ndi mwana wa sukulu ku Zomba, ndili ndi kamemori kakang'ono ka mu foni ndi adaputa yake. Ndingaike mu kamera ya Canon yomwe ndabwereka? Komanso mnzanga akuti kufufuta zithunzi chimodzichimodzi mu kamera kumaononga memori, ndi zoona?

YANKHO: Mutha kuika, igwira ntchito, bola ikhale ndi zizindikiro zomwe tanena pamwambapa. Pophunzira kujambula palibe vuto. Koma pa ntchito yolipidwa ine sindilimbikitsa, adaputa ndi kapulasitiki kopepuka komwe timano take timakhwefuka, ndipo kabatani ka loko kam'mbali kaja kamatha kutsetsereka kokha polowetsa, kamera nkumati memori ndiyotseka pomwe inu muli pa changu. Ngati Canon yake ndi yakale kwambiri onaninso ngati imalandira SDXC, zina zopangidwa 2009 isanafike zimathera pa 32GB.

Za mnzanuyo, kufufuta chithunzi chimodzi sikupha memori ayi. Chimene chimabweretsa mavuto kawirikawiri ndi kusinthasintha memori yomweyo mu foni, mu kamera, mu wailesi ya nyimbo ndi mma kompyuta a mu kafe omwe ambiri amakhala ndi ma vairasi. Ya kamera ikhale ya kamera yokha. Mukamaliza kujambula koperani zonse pa kompyuta, muikenso kope ina pa flash kapena hard drive, mutsegule zingapo muone kuti zikutsegukadi, kenako mubwezere memori mu kamera nkuifomatira mmenemo osati pa kompyuta. Poti kamerayo ndi yobwereka, musanafomate onetsetsani kuti mwaikamo yanu osati ya eni ake.