Iwe msuweni, mvetsera mpaka kumapeto

Eee, moni nonse m'gulu muno. Kulemba kwandikanika, ndiye ndangoti ndijambule mawu. Iwe msuweni, funso lako ndaliona m'mawa. Akuti, "N'chifukwa chiyani amayi ambiri, ngakhale ophunzira, sakhala pa ntchito yolipidwa?" Hehe. Iweyo? Unayamba liti kudera nkhawa amayi a dziko lonse lapansi? Funso limeneli lili ndi mwini wake, ndipo tonse tikumudziwa. Mlamu wathu sanabwerere ku ntchito chibadwire mwana uja, ndiye iwe wayamba kuwerenga miyezi chamumtima. Usakane. Ndinakusinthapo matewera ine.

Dikira kaye, nditseke chitseko... eya.

Poti umakonda manambala, tenga awa. Bungwe la ILO, lija loona za ntchito pa dziko lonse, limati pa amayi 100 alionse a msinkhu wogwira ntchito, amene ali pa ntchito kapena akuifunafuna sakwana 50, pomwe amuna amapitirira 70. Mu 2018 linanenanso kuti amayi 606 miliyoni anali kunja kwa ntchito chifukwa chosamalira ana, odwala ndi okalamba popanda malipiro. Amuna otero anali 41 miliyoni basi. Wamva? Koma manambala salowa m'mutu mwako, ndimakudziwa. Bola ndikukumbutse za amalume.

Amalume aang'ono, aja a njinga. Inali nthawi imene ija ya mkangano wa denga, akulu akulu m'gulu muno akukumbuka. Anabwera ndi fomu ya kusukulu ya ana, pamalo poti "ntchito ya mayi" iwo n'kulemba kuti "palibe". Azakhali anaiona fomuyo, anangoipinda bwinobwino n'kuibweza pa tebulo. Osayankhula kanthu. Mukuwadziwa azakhali akakhala chete.

Sipanapite mwezi, agogo anagonekedwa m'chipatala, ndipo amene anapita kukawadikirira ndi azakhali omwewo. Milungu itatu... ayi, ndanama, iwiri ndi masiku angapo. Amalume anatsala ndi ana anayi. Tsiku loyamba ankayenda modzitama, eti "pali chovuta chanji apa?" Tsiku lachitatu wachiwiri uja anapita kusukulu atavala yunifolomu ya mkulu wake, manja a malaya akulendewera. Lachinayi mphika unapserera mpaka anakautaya kuseri kwa nyumba, poganiza kuti sudzapezeka. Unapezeka. Kenako wamng'ono anatentha thupi usiku, m'mawa amalume pamzere wa kuchipatala mpaka dzuwa pamutu. Kufika ku ntchito, abwana anangoloza wotchi, n'kuwauza kuti za ana zizithera kunyumba.

Ndiye mukudziwa kabuku kawo kaja kolembamo ngongole? Anayamba kulembamo maola. Kudzuka 4 koloko, kuchapa, kusambitsa, kuperekeza, kukatenga. Ndinakaona ndi maso angawa kabukuko. Ndipo mmene ndinakaonera ndi pamene pali nkhani. Amalume atatopa anabwera kwa amayi anga kudzapempha kuti "mundibwerekeko mtsikanayu." Osati achimwene, amene ankangokhala osachita kanthu, pepani achimwene ngati mukumva. Ine. Ndili ndi zaka 13, ndinajomba kusukulu sabata yathunthu. Ntchito ija ankati "palibe" inachoka kwa mkazi mmodzi n'kugwera mkazi wina, kamtsikana. Chaka chotsatira pa fomu analemba kuti "pakhomo". Hehe, kulapa kwa amalume kunathera pomwepo.

Ndimati chiyani kodi... eya, mlamu.

Pali mayi wina wa ku yunivesite ya Harvard, Claudia Goldin, amene analandira mphoto ya Nobel pa zachuma mu 2023. Anafufuza zolembedwa za ku America za zaka zoposa 200. Chimene chinandikhudza n'chakuti mwamuna ndi mkazi ophunzira mofanana amayamba ntchito malipiro awo ali pafupipafupi, koma mpata umatseguka mwana woyamba akabadwa. Ntchito zolipira bwino zimafuna munthu woti akaimbiridwa foni nthawi iliyonse anyamuke, ndiye m'banja mmodzi amanyamuka, wina amatsala. Wotsalayo umamudziwa.

Zina ziliponso, sindikukana. Sukulu, malamulo, mayendedwe oopsa kukada, mabwana ofunsa mtsikana ngati akufuna kubereka posachedwa. Ngakhale tchuthi cha uchembere, pangano la ILO la mu 2000 limati chisachepere milungu 14. Chabwino. Nanga mlungu wa 15 mwana amakhala atayamba kudzisambitsa yekha?

Ndiye tamvera, msuweni. Mlamu si waulesi, ndipo satifiketi yake sinaole. Chimene chamusunga pakhomo n'chakuti palibe amene wayankha funso loti mwana akhala ndi ndani kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Iye anawerengera kale: malipiro, kuchotsapo thiransipoti, kuchotsapo wolera mwana, kuchotsapo masiku amene adzajombe mwana akadwala, poti amadziwa kuti wojomba adzakhala iyeyo. Zotsala zake n'zoseketsa.

Ndibwereze, poti uli ndi chizolowezi chomvera mauthenga uku ukuonera mpira. Usamufunse kuti "ubwerera liti ku ntchito?" Mufunse kuti pa maola a mwanayu, ako ndi ati. Iweyo, osati apongozi ako, osatinso kamtsikana kobwereka kwa abale ngati ine.

Maola, msuweni. Nkhani yonse ndi maola. Ukatenga ako, udzaona yekha akufunafuna nsapato zake za ku ntchito.

Iii, batire yatsala pang'ono. Ndipo amalume akamva uthengawu, za mphika zija sindinanene ndine.