N'chifukwa chiyani mochale imakhala kuseri kwa chipatala?

Mayi wina wa ku Chibavi wandilembera imelo. Akuti mwezi watha anapita kukatenga thupi la mlongo wawo pachipatala china, ndipo gulu lonse linaima pamvula kuyambira m'mawa mpaka masana chifukwa panalibe pousa. Akufunsa kuti: kodi ndani anaganiza zoti mochale izikhala kuseri, kufupi ndi kootchera zinyalala, ngati kuti womwalira ndi wochititsa manyazi?

Pepani kwambiri ndi zovutazi, mayi. Funso lanu lili ndi yankho, ndipo mbiri yake ndi yaitali.

Kamangidwe kameneka kanachokera ku Ulaya. M'zaka za m'ma 1800 madokotala ambiri ankakhulupirira kuti matenda amayenda ndi mpweya wonunkha. Florence Nightingale, namwino wotchuka wa ku Britain, analemba mu 1859 kuti mawodi azikhala otalikirana, a mawindo ambiri, mphepo izidutsa, ndipo chipatala cha St Thomas' ku London chinatsegulidwa mu 1871 chitamangidwa motero. Pa pulani yotere nyumba ya akufa inkakankhidwira kumapeto kwa mpanda, kawirikawiri ndi chipata chakechake, kuti odwala ali pabedi asamaone machira akudutsa.

Mantha awo sanali opanda pake. Ku Vienna mu 1847, dokotala Ignaz Semmelweis anaona kuti madokotala ankachoka kong'amba mitembo n'kupita kukagwira amayi oyembekezera, ndipo amayi ambiri ankamwalira atangochira. Atalamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a klorini, imfa zinatsika kwambiri. Choncho kutalikitsa mochale ndi wodi ya amayi ine ndikuvomereza ndi mtima wonse.

Zina zinali zachilendo ndithu. Ku Weimar, m'dziko la Germany, anamanga nyumba mu 1792 yoti matupi azidikiramo, poopa kuika munthu wamoyo m'manda. M'nyumba zina zotere ankamanga chingwe kuchala cha womwalira n'kuchilumikiza ku belu. Ku Paris, mochale ya 1864 inali ndi galasi lalikulu loti anthu azizindikira abale awo, koma panasanduka poonerera, mpaka anaitseka kwa anthu wamba mu 1907. Makina oziziritsa atabwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, nyumbayi inakhala ya zipangizo: zitseko zachitsulo, pansi posavuta kukolopa, kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 4. Onse ankaganizira thupi ndi dokotala. Wolira sanali pa pulani.

Kuno kumpoto zipatala zinafika ndi amishoni a Livingstonia, monga cha Ekwendeni ndi David Gordon Memorial chimene chinatsegulidwa mu 1911, ndipo chachikulu cha Mzuzu chinatsegulidwa mu 2000 ndi thandizo la Taiwan. Nzeru zomangira chipatala zinabwera ndi chipatalacho, ndipo amisiri athu amaphunzira zomwezo mpaka lero.

Vuto lagona apa, mayi. Kwathu maliro sayambira kusiwa, amayambira pachipata cha mochale. Uthenga ukangomveka, abale amanyamuka ku Rumphi, ku Nkhata Bay, ku Chitipa. Amayi a Umanyano, bungwe la amayi a mpingo wa CCAP, amafika atavala yunifomu, kwaya imayamba nyimbo, lole imadikira bokosi. Osambitsa thupi amabwera ndi beseni, sopo, mafuta ndi suti ya malemu yopindidwa m'jumbo, n'kuyamba kufunsa komwe kuli mpopi. Abale athu Asilamu amafuna malo aulemu osambitsira ndi kuveka nsanda mwamsanga, chifukwa saika mochedwa. Ndaonapo gogo wina atayala chitenje pasimenti yonyowa m'mwezi wa June, kuzizira kwa Mzuzu mukukudziwa, akunjenjemera kwinaku akulira mwana wake, anthu odzaona odwala akumulambalala ndi mafudukontena m'manja. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa benchi limodzi ndi denga la malata zikanamusunga gogoyo.

Omanga ena anaganizapo za olira. Ku Stockholm, Gunnar Asplund anamaliza mu 1940 nyumba zotsanzikirana pamanda a Skogskyrkogården, iliyonse ndi chipinda chake chodikirira ndi kabwalo kake, kuti mabanja awiri olira asaphatikizane. Ife sitikufuna miyala yodula ngati imeneyo. Tikufuna khonde lalitali lotchinga mvula ndi mwera, mabenchi okwanira gulu, chimbudzi, mpopi, chipinda chosambitsira chokhala ndi chitseko chotseka bwino, kachipinda koti banja lione nkhope mosathamangitsidwa, ndi msewu woti galimoto ya maliro itembenuke osakumana ndi ambulansi. Jenereta nayonso ndi mbali ya nyumbayi, pakuti magetsi akazima kuzizira kuja kumatha.

Mwafunsanso ngati pali chimene mungachite. Zipatala zimakhala ndi komiti yoimira anthu a m'dera. Lemberani kalata kumeneko, ina mupatse khansala wanu. Musalembe nokha. Pemphani amayi a mpingo wanu, a mipingo ina ndi a kumzikiti asainire limodzi, ndipo mutchule chinthu chimodzi choyambira: shedi ndi mabenchi pachipata cha mochale mvula isanayambe.