Yambani ndi Lykourgos Angelopoulos, ndipo mabesi anu aphunzire kupirira

Achimwene, mwafunsa za kwaya ya Agiriki imene munaipeza pa YouTube: amuna okhaokha, opanda kiyibodi ngakhale ng'oma, ena akuyendetsa nyimbo pamwamba, ena angogwira liwu limodzi pansi osalisiya. Mukuti mumvere ndani, nanga kwaya yanu ingatolepo kanthu? Amenewo ndi maimbidwe a Byzantine, a m'mpingo wa Orthodox, ndipo liwu lapansilo amalitcha ison. Munthu woyamba naye ndi Lykourgos Angelopoulos. Ine ndakhala ndikumumvera kwa zaka, ndipo mpaka lero ndikamva kwaya yake ikuyamba nyimbo ndimasiya chimene ndikuchita.

Anabadwa mu 1941 ku Pyrgos, m'chigawo cha Peloponnese kummwera kwa Greece. Ku yunivesite ya Athens anaphunzira zamalamulo, koma mtima wake unali ku nyimbo za m'tchalitchi, ndipo anakakhala pamapazi a Simon Karas, mkulu amene ankayendayenda m'midzi kutolera nyimbo za anthu wamba komanso kufufuza m'mabuku akale olembedwa pamanja. Mu 1977 anayambitsa kwaya yake, imene kunja imadziwika kuti Greek Byzantine Choir, ndipo anaitsogolera mpaka imfa yake mu Meyi 2014. Kuyambira 1982 anali protopsaltis, ndiye kuti woimba wamkulu, pa tchalitchi cha Agia Eirini pakati pa mzinda wa Athens. Mu 1994 mkulu wa mpingo ku Constantinople (lero Istanbul, ku Turkey), Bartholomew, anamupatsa ulemu wa Archon Protopsaltis.

Chimene ndimamukondera n'chakuti sanali wongoonekera pa konsati. Munthu amene ankatenga kwaya kupita nayo kumayiko akunja ndi yemweyo amene Lamulungu m'mawa ankaima pamalo pake m'tchalitchi, buku lili patsogolo, ophunzira ake atamuzungulira. Ankaphunzitsanso ana. Inu ndi ine tikudziwa kuti kwaya imakula pa mapulakatisi a pakati pa sabata, pamene abwera anthu asanu ndi awiri okha ndipo mvula ikugwa pa malata. Mukamvera zimene anajambula mudzamva kuti anthuwa anazolowerana: amapumira pamodzi, amakhotera pamodzi, mawu a pemphero amatuluka ngati akuchokera pakamwa pamodzi. Maimbidwe amenewa nthawi zambiri amatchuka ndi munthu mmodzi waluso, enawo n'kumangomutsatira. Angelopoulos anaika mphamvu zake pa gulu.

Poyamba funani Liturgia ya Yohane Chrysostom, ndiye kuti Misa ya mpingo wa Orthodox, imene kwaya yake inajambula, chifukwa muli mapemphero afupiafupi amene khutu lanu lingawagwire msanga, monga Kyrie eleison, yomwe kwathu timati Ambuye mutichitire chifundo. Nyimbo za Ioannis Koukouzelis, mmonke wopeka nyimbo wa ku phiri la Athos ku Greece wa m'zaka za m'ma 1300, muzisungire mtsogolo. N'zokoma kwambiri, koma liwu limodzi la pemphero limatha kukokedwa kwa nthawi yaitali, ndipo woyamba kumene amasochera. Ngati ndinu a Katolika, funaninso zimene anaimba ndi Marcel Pérès ndi gulu la Ensemble Organum la ku France, pamene ankayesa kudzutsa nyimbo zakale za mpingo wa ku Roma m'Chilatini.

Tsopano za kwaya yanu. Inu mumaphunzitsa ndi solofa, ndipo apa muli ndi mwayi, chifukwa nawonso ali ndi yawo: ni, pa, vou, ga, di, ke, zo. Inakhazikika mu 1814, pamene aphunzitsi atatu, Chrysanthos, Gregorios ndi Chourmouzios, anafewetsa kalembedwe ka nyimbozi kuti munthu asamathe zaka zambirimbiri akuphunzira. Koma musathamangire kunena kuti ni ndi doh, pa ndi re, basi zatha. Iwo kuchokera pa ni wapansi kufika pa ni wapamwamba amawerenga timagawo 72. Pa kiyibodi, kuchoka pa doh kupita pa re ndi timagawo 12, re kupita mi 12, mi kupita fa 6. Kwa iwo masitepe omwewo amakhala 12, 10 ndi 8. Ndiye kuti vou wawo ali pansi pang'ono poyerekeza ndi mi wanu, pamalo pamene kiyibodi ilibe batani. Mukamva ngati akuphonya, sakuphonya ayi, ndi pomwepo. N'chifukwa chake ndikuti pophunzira zimenezi kiyibodi ikupatseni liwu loyambira lokha, kenako muizime.

Kalembedwe kawo kokha ndikanakonda musalimbane nako panopa. Zizindikiro zake siziuza munthu kuti imba liwu lakuti, zimangoti kwera kamodzi, tsika kawiri, khala pomwepo. Ukaphonya pamodzi, nyimbo yonse yapita. Zimafuna mphunzitsi pafupi.

Ison ndiye mungaiyese mawa lomwe. Ine ndinayesa ndi kwaya ya kwathu pa nyimbo yathu yomwe ya Chichewa, yoyenda pang'onopang'ono. Ndinauza mabesi anayi kuti agwire doh ndi "ooo" osasuntha, matenala aziimba nyimbo. Mzere woyamba zinayenda. Pofika wachiwiri, onse anayi anapuma nthawi imodzi, pansi panatseguka dzenje. Titakonza zimenezo panabuka lina: bambo wina wachikulire, besi wathu wodalirika, anayamba kutsatira matenala osadziwa, chifukwa kwa zaka zonse khutu lake linazolowera kuti nyimbo ikasuntha nayenso asunthe. Anagwira mutu n'kunena kuti kuima n'kovuta kuposa kuyenda. Tinachita kuwaika mabesiwo moyang'anizana, aliyense azipuma payekha mnzake akadali pa liwu, n'kubwereramo mwakachetechete. Patapita masabata angapo, tsiku lina liwu lija linakhazikika, matenala anadutsa pa re ndi fa, kugundana kuja kunamveka kenako n'kumasuka atabwerera pa doh. Amayi a soprano amene ankangomvera anakhala chete, wina anapukuta misozi. Dziwani kuti kwa Agiriki ison siikhala pamodzi nyimbo yonse, imasuntha nyimbo ikasamukira pa maziko ena, koma inu yambani ndi yosasuntha.

Ndikuchenjezeniko chimodzi, kuti mukakumana nazo musadabwe. Si onse ku Greece amene amagwirizana ndi njira ya Karas imene Angelopoulos ankatsata. Alipo ambiri amene amati zokometsera zina za mawu zimene Karas ndi Angelopoulos anazitenga m'mabuku akale sizimene oimba a ku Constantinople analandira kwa aphunzitsi awo pakamwa. Amenewo adzakulozerani kwa Konstantinos Pringos ndi Thrasyvoulos Stanitsas, amene anali oimba aakulu kumeneko. Mkanganowu ndi wa anthu okonda chinthu chimodzi, ndipo umafika potentha. Ine sindibisa kuti kwa munthu wotsogolera kwaya Angelopoulos ndiye wothandiza, popeza inu mukufuna kumva mmene anthu ambiri angaimbire ngati mmodzi. Koma khutu likazolowera, Stanitsas mudzamumvere ndithu.

Chinanso, izi ndi nyimbo za pemphero za mpingo wa eni ake. Ngati mukufuna kuimba m'Chigiriki, pezani munthu wa Orthodox akuthandizeni katchulidwe ndi tanthauzo, ndipo abusa kapena ansembe anu adziwe musanaimbe m'mapemphero. Pa pulakatisi yoyamba sankhani nyimbo imene kwaya ikuidziwa kale pamtima, yoyambira ndi kuthera pa doh, ndipo mabesi akhale osachepera atatu kuti azilandizana mpweya. Mudzatiuze muno kuti anagwira mizere ingati.